Phunziro Limene Linandichotsa pa Ukulu wa Mpingo

Ana anga, nkhani yoti bambo wanu anachotsedwa pa ukulu wa mpingo munaimva muli kusukulu zogonera komweko, ndipo aliyense wa inu anaimva mwa njira yake. Wina anauzidwa kuti ndinakana Mulungu m'kalasi, wina anamva kuti ndinanyoza abusa, ndipo mng'ono wanu Madalitso mpaka lero amakayikira kuti panali za mowa, chonsecho akudziwa kuti ine ndi wa thobwa basi. Tsopano choko ndinachisiya, mayi anu anatisiya, wofotokoza ndatsala ndekha. Chimene chinandichotsa pampando uja ndi phunziro limodzi la sayansi limene ndinalikonda kuposa onse, ndiye ndiyambire kumene ndinayamba kuliphunzitsa.

Ku Nsaru, zipani zambiri zitangoyamba

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi, boma linanditumiza kusekondale yoyendera kufupi ndi Nsaru. Ndinapita pa matola, nditakhala pamwamba pa matumba a feteleza, sutikesi ili pamiyendo. Masiku amenewo pakamwa pa anthu panali patangomasuka, moti aliyense m'galimoto muja anali katswiri wa ndale, ndipo ulendo wonse unatha ndi mkangano. Ahedi anga anali a Kampanje, munthu wamfupi amene ankavala tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Nditawapatsa moni ndinawafunsa mwaulemu kuti andionetse labotale. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, “Labotale? Tiyeni, aphunzitsi.” Anandilowetsa kuseri kwa ofesi yawo n'kutsekula kabati. Munali maginito imodzi, botolo lopanda chivundikiro, ndi chisa cha makoswe. “Ndi imeneyi,” anatero osaseka n'komwe. “Kiyi musataye.”

Ndinadandaula sabata yoyamba yokha, kenako ndinaona kuti fizikisi ili paliponse, bola munthu akhale ndi maso. Phunziro la kutentha ndinkaliphunzitsa ndi kapu ya tiyi. Ndinkaiika pathebulo n'kufunsa ana kuti ndani anaonapo tiyi wozizira akudzitenthetsa yekha. Ndinkawalozera utsi wotuluka m'balani ya fodya kuseri kwa sukulu n'kufunsa ngati unabwererapo m'nkhuni. Koma chida changa chachikulu chinali lichero. Mbali ina ndinkaika chimanga choyera, mbali ina nyemba zofiira, n'kuuza mwana mmodzi kuti agwedeze. Posachedwa zonse zinkasakanikirana. Ndiye ndinkati, “Gwedezabe mpaka zibwerere m'malo mwake.” Mwanayo ankagwedeza, anzake akuseka, mpaka mikono kuwawa. Apo ndi pomwe ndinkalemba pabolodi liwu loti entolopi, n'kuwauza kuti ndi muyeso wa mmene zinthu zamwazikira ndi kusakanikirana, ndipo zikasiyidwa zokha, kumwazikako kumangowonjezereka. Palibe amene amazikankha. Kungoti njira zokhalira zosakanikirana n'zochuluka kwambiri kuposa njira zokhalira zolongosoka, ndiye ukagwedeza umagwera kumene njira zachuluka.

Licherolo linali la mayi anu, aNabanda, amene ndinawakwatira komweko ku Nsaru. Inu munawadziwa atakula n'kufatsako, koma pautsikana pakamwa pawo panali tsabola. Tsiku loyamba nditabweza lichero losakanikirana, anayang'ana n'kunena kuti, “Nyemba zanga ndinapereka zosankha, zibwerenso zosankha.” Ndinakhala pakhonde madzulo amenewo n'kumatola imodziimodzi, aphunzitsi anzanga akudutsa n'kumandipatsa moni wachipongwe. M'mawa mwake ndinauza ana kuti zosakanikirana zikhoza kusankhidwa, koma pamafunika wina wochokera kunja kwa lichero, ndipo iyeyo amatuluka thukuta n'kumwaza kutentha kwa thupi lake, moti ukaphatikiza zonse kumwazika kwawonjezerekabe. Zaka zimenezo zinali zokoma. Malipiro ankachedwa, choko chinkatha mpaka tinkalemba ndi chinangwa chouma, koma ndikakumbukira khonde lija mtima umandiwawa ndi kulisowa.

Ku Kabudula, zaka za njala

Anandisamutsira ku Kabudula njala itatsala pang'ono kugwa. Kumeneko lichero ndinalisiya kunyumba, chifukwa kugwedeza chimanga pamaso pa mwana amene wagona ndi njala ndi nkhanza. Ndinkagwiritsa ntchito mchenga ndi makala opera. Ahedi anali mayi Chingwalu, okhwima ngati msilikali, koma ndinawaona ndi maso anga akuphika phala kunyumba kwawo n'kumaitana ana okomoka pamzere ngati akuwaitanira chilango, kuti asachite manyazi. Kalasi inkachepa sabata ndi sabata. Pakati pa otsalawo panali mnyamata wamtali wotchedwa Limbikani, amene ankafunsa mafunso mpaka belu kulira kawiri. Tsiku lina anati, “Aphunzitsi, mwala womangidwa pachingwe ukamapita uku ndi uku, sungadziwe kuti kuyamba n'kuti. Koma tiyi amangozizira basi. Bwanji lamulo limodzi lokhali ndi limene likudziwa dzulo ndi mawa?” Ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa. Funso limenelo ndinayenda nalo panjinga zaka zambiri, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina lamulo la licheroli si limodzi mwa malamulo chabe, mwina ndi pansi pomwe enawo anamangidwapo. Ndinalibe womuuza kupatula mayi anu, amene ankangoti, “Tiyi wanuyo akuzizira ndithu, imwani.”

Kufupi ndi Namitete, zaka zomaliza

Sukulu yanga yomaliza inali kufupi ndi Namitete, ndipo kumeneko ndi kumene mpingo unandisankha kukhala mkulu. Sindikubisirani, ndinanyadira. Bambo anga anamwalira asanakhalepo pa benchi ya kutsogolo, ndiye ine kukhala pamenepo, jekete yakuda ili pathupi, kunali ngati ndawakhazika iwowo. Chimene ndinkachikonda koposa chinali Lamulungu la mgonero, pamene akulu tinkanyamula mbale ya timakapu n'kumayenda m'mizere. Ine ankandipatsa mbali ya amayi. Mayi anu anali atasankhidwa kutsogolera bungwe la amayi, ndipo ankakhala mzere woyamba, malaya oyera ndi duku loyera. Ndikafika pa iwo ankatenga kakapu osandiyang'ana, ngati sitidziwana. Mnzanga wapamtima pakati pa akulu anali a Dzonzi, mlembi wa mpingo, mlimi wa fodya ndi mtedza, munthu wofatsa amene tinkapalasira limodzi njinga kumaliro ndi kumilaga, nthambi za mpingo za m'midzi.

Chaka china, mayeso a Folomu 4 atayandikira, Limbikani anabwera kudzandiona. Anali ataphunzira mpaka kunja ndipo ankaphunzitsa fizikisi kuyunivesite. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iye akukukuta chimanga chootcha ngati mwana wa ku Kabudula yemwe uja. Ndiye anati, “Aphunzitsi, funso lija likuvutitsanso akuluakulu a sayansi. Alipo ena amene akuganiza kuti ngakhale mphamvu imene imakokera mango pansi si mphamvu yoima payokha. Akuti mwina ndi zotsatira chabe za entolopi, kuti zinthu zimagwa chifukwa chomwecho chimene chimasakaniza mchenga ndi makala anu aja. Ena akuti nthawi yeniyeniyo imayendera mbali imodzi chifukwa cha chimenecho. Zikadzapezeka kuti n'zoona, malamulo amene timaphunzitsa padera padera adzakhala ana a mayi mmodzi.” Ndinamufunsa ngati zatsimikizika. Anati ayi, ambiri akutsutsa, ndipo mwina sizidzatsimikizika ife tili moyo. Koma ine ndinali nditaimirira kale, ndikuzungulira mtengo. Mayi anu anasuzumira pazenera n'kufunsa ngati ndalumidwa ndi linthumbu.

Lolemba lake ndinalowa m'kalasi ndi lichero, silabasi n'kuiika pambali. Ndinawauza ana zonse zimene Limbikani ananena, ndipo ndinawachenjeza kuti izi sizibwera pamayeso komanso akatswiri sanagwirizane. Kenako ndinapitirira. Ndinati ngati lamuloli likugwira chilengedwe chonse, ndiye kuti dzuwa nalo ndi moto umene ukumwaza kutentha kwake, ndipo kutsogolo kwakutali kwambiri lidzazima, zonse zidzafanana kutentha, sipadzakhalanso chochitika. Kumbuyo kunadzuka dzanja la Enelesi, mwana wa a Dzonzi, mtsikana wanzeru amene mayi ake tinali titawaika m'manda dzinja lomwelo. Anaimirira n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, ndiye munthu akawola n'kusakanikirana ndi dothi, angabwererenso?” Ndinadziwa amene akumunena. Ndinati, “Mwana wanga, mwa sayansi imene ndikuphunzitsayi, dothi silingadzisonkhanitse lokha n'kukhalanso munthu. Za kuuka kwa akufa timazimva kutchalitchi, ndipo ine ndimazikhulupirira, koma sindingakuonetse ndi lichero.” Anakhala pansi, belu n'kulira.

Enelesi anali m'kalasi ya ofuna kulandiridwa mumpingo. Sabata imeneyo sanapiteko, yotsatira sanapitenso. Bambo ake atamufunsa, anawauza kuti sangaimirire pamaso pa anthu n'kuvomereza za kuuka kwa thupi, chifukwa aphunzitsi amene ndi mkulu wa mpingo anena kuti dothi silibwerera. Nkhani inafalikira m'midzi, ndipo pofika kumsika inali itakula kale: akuti aphunzitsi a Mbewe auza ana kuti dzuwa lizima ndipo akufa sadzauka.

Pabwalo la akulu ampingo

Anandiitana Loweruka masana kuchipinda cha kumbuyo kwa tchalitchi, kumene ineyo ndinakhalapo kambirimbiri kuweruza anthu ena. Tsiku limenelo mpando wanga anauika pakati. Abusa anali munthu wachikulire wokonda mtendere, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti akanakonda akanakhala kumunda. Atapemphera anapereka mwayi kwa a Dzonzi. Mnzangayo sanakweze mawu. Anati, “Aphunzitsi, mkazi wanga ndinamuika ndi manja angawa, inu muli pambali panga. Chimene chimandidzutsa m'mawa n'choti ndidzamuonanso. Mwana uja nayenso ankadalira chomwecho. Inu mwalowa m'nyumba mwanga n'kuchichotsa.” Ndikanakonda akanandikalipira. Ndinafotokoza zimene ndinanena m'kalasi, mawu ake enieni, ndipo ndinati lamulo la sayansi limanena za zinthu zosiyidwa zokha, silinena kanthu za dzanja la Mlengi. Akulu ena anagwedeza mitu kuvomereza, koma wina wokalamba anati, “Zimenezo mukumva ndinu ophunzira. Kumudzi kwamveka zina, ndipo ana atatu tsopano asiya kalasi ya mpingo.”

Abusa anapereka njira. Anati Lamulungu la sabata yotsatira ndiimirire kutsogolo n'kunena kuti zimene ndinaphunzitsa ana zija n'zabodza, ndinasokera, basi nkhani ithere pomwepo. “Ndi mawu ochepa, a Mbewe,” anatero. “Mitima ya anthu ikhale pansi. Mukakana, bwalo lilibe kuchitira mwina, tikuimitsani pa ukulu ndi pa mgonero.” Anandipatsa mpaka Loweruka lotsatira kuti ndiganize.

Kunyumba ndinapeza mayi anu atamva kale. Sanandilandire n'komwe jekete. “Inu ndi nyemba zanuzo!” anatero. “Ana a eni akufuna kukhoza mayeso, inu mukukawazimitsira dzuwa. Kodi silabasi inakuchepelani?” Ndinayesa kufotokoza, anandidula. “Kanene mawuwo. Pakamwa sipatha. Ine ndikaimirira bwanji pamaso pa amayi, mwamuna wanga ali wodulidwa? Ana athu akamva chiyani kusukuluko? Mukakana, musayembekeze kuti ndikakuikirani kumbuyo.” Ananena zoona zokhazokha, ndipo masiku awiri oyamba ndinali nditatsimikiza kuti ndikanena. Ndinkayeserera mawuwo pokapalasa njinga. Ndinkadziuza kuti Mulungu akudziwa mtima wanga, ndipo munthu wa zaka zanga sangataye mpando umene bambo ake sanaukhalepo chifukwa cha maganizo amene ngakhale eni akewo sanagwirizane.

Chimene chinanditembenuza ndi kalasi ya Lachitatu. Tinkabwereza mafunso akale a mayeso, ndipo linatuluka funso la kayendedwe ka kutentha. Ana anayankha onse pamodzi kuti kumachoka kotentha kupita kozizira. Ndinawayang'ana. Theka la iwo linkaimba kwaya patchalitchi pomwe paja. Lamulungu akanakhala pabenchi n'kumva mphunzitsi wawo akunena kuti zija n'zabodza, Lolemba n'kumuonanso akulemba zomwezo pabolodi. Akanakhulupirira ziti? Zoti mwina malamulo onse amachokera ku entolopi ndikanatha kunena kuti sizinatsimikizike, ndipo ndinali nditanena kale. Koma bwalo linkafuna ndikane zonse, ndi tiyi yemwe. Ndinaganizanso za Enelesi. Mwana amene anafunsa funso loona, akanaona mkulu wa mpingo akunama kutsogolo kwa guwa kuti asunge mpando, sindikhulupirira kuti chimenecho chikanamubwezera m'kalasi ya mpingo.

Loweruka ndinauza bwalo kuti ndine wokonzeka kuimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti ndimakhulupirira kuuka kwa akufa, n'kupepesa kwa a Dzonzi chifukwa cha chisoni chimene mawu anga anadzetsa m'nyumba mwawo. “Koma kunena kuti phunzirolo ndi labodza sindingathe, abusa, chifukwa si labodza.” Mkulu wokalamba uja anaseka mowawidwa n'kuti, “Ndiye mwasankha nyemba, mwasiya mpingo, eti?” Abusa anandifunsanso kawiri, mofatsa, ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala. Kenako anapempha kuti ogwirizana ndi chigamulo akweze manja. A Dzonzi anakweza lawo akuyang'ana pansi. Ndinatuluka, njinga ndinangoikankha mpaka kunyumba.

Ndinene pano kuti Enelesi anakhoza bwino sayansi chaka chimenecho, ndipo patapita nthawi anabwerera yekha m'kalasi ya mpingo n'kulandiridwa. Chimene chinamubweza sindinamufunse. Ndi a Dzonzi tinadzayambanso kupatsana moni, kenako kuchezerana, koma ulendo wa panjinga wa awiri uja sunabwererenso. Ine anadzandibwezera pa mgonero, koma pa ukulu ayi, ndipo sindinapemphe.

Lamulungu la mgonero

Chigamulo anachilengeza m'tchalitchi, ndipo mayi anu anatha masabata akundiyankha ndi mawu amodziamodzi. Chakudya ankaphika, zovala ankachapa, koma nyumba inali yozizira. Kenako linafika Lamulungu la mgonero. Mukudziwa mwambo wake: ulaliki ukatha, onse osayenera kulandira amatuluka, zitseko n'kutsekedwa. Kwa zaka zambiri ine ndi amene ndinkaima pakhomo kuonetsetsa kuti atuluka. Tsiku limenelo ndinanyamuka pabenchi ya kumbuyo n'kutuluka pamodzi ndi ana a Sande sukulu, ophunzira anga akundipatsa njira mwamanyazi. Panja, pansi pa mtengo wa bulugama, panali gogo la mtengo wogwa lomwe odulidwa ankakhalapo podikira abale awo. Ndinapezapo a Gomani, amene ineyo ndinakweza nawo dzanja powadula chifukwa chokwatira mitala. Anasuntha n'kunena kuti, “Takulandirani, aphunzitsi. Kuno kamphepo n'kabwino, muzolowera.” Ndinayesa kuseka, sizinatheke. M'kati anayamba nyimbo ya mgonero, yapang'onopang'ono ija, ndipo ndinadziwa kuti wina wanyamula mbale yanga. Ndinaweramitsa mutu, misozi ikugwera pansapato.

Nyimbo isanathe, chitseko cha mbali ya amayi chinatseguka. Anatuluka mayi anu, malaya oyera, duku loyera, buku la nyimbo lili m'manja. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo lonse la tchalitchi, ana onse akuwayang'ana, mpaka anafika pagogo paja.

“Tasunthani,” anatero.

A Gomani anadzuka msangamsanga n'kukaima patali. Ine ndinafunsa kuti, “Kodi mwadwala, aNabanda?”

“Ndili bwinobwino.”

“Nanga mgonero? Amayi aja akuonani mukutuluka.”

“Aone. Maganizo anga sanasinthe, mukanangonena mawu aja. Ndinu munthu wouma mutu, ndinadziwa kale ku Nsaru.” Anakhala pansi, n'kukonza chitenje pamawondo. “Koma mbale itafika pa ine ndinayang'ana dzanja, silinali lanu. Sindingalandire inu muli panja.”

Tinakhala pamenepo mpaka zitseko zinatseguka. Kuyambira tsiku limenelo, Lamulungu lililonse la mgonero ankatuluka nane n'kukhala pagogo paja, mpaka pamene anandibwezera. Utsogoleri wa amayi unapita kwa wina pa chisankho chotsatira, ndipo sanandinenepo kanthu za icho ngakhale tsiku limodzi.

Lero mayi anu agona kwathu ku Nambuma, ndipo mvula yagwa kangapo pamtumbira pawo. Pa phunziro lija palibe liwu limene ndingasinthe. Dothi limene lili pamenepo silidzadzisonkhanitsa lokha, ndikudziwa bwino kuposa aliyense m'mudzi muno. Koma ndikapita kukazula udzu pamanda paja ndimawauza kuti andidikire, ndipo sindikhala ndikunama.